Diso Limene Anatsinzina pa Chulu

Amuna anga anabwera kwathu atanyamula bulangete, khasu ndi uta. Kwawo kunali kuseri kwa mapiri, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, ndipo monga mwa mwambo wathu anadzakhala pachikamwini m'mudzi wa amayi anga, kuno ku Kasenengwa. Za mkamwini mukuzidziwa. Munda umene amalima ndi wa akuchikazi. Ana amene wabereka ali ndi mwini wake, malume awo. Pakagwa nkhani amakhala kumbuyo, ndipo akatsegula pakamwa anthu amayang'anana. Apongozi amamulemekeza, inde, koma ndi ulemu uja wothawana panjira. Munthu atha kumera imvi pamudzi akadali mlendo.

Amene anawachotsa chilendo amuna anga si ine ayi, ndinene zoona. Anali alongo anga aakulu, eni mbumba yathu. Ndipo sanachite ndi mawu okoma. Anachita ndi mkangano.

Nthawi imeneyo nyama zinali zitatha kale m'tchire mwathu. Uzimba tinkangoumva kwa akuluakulu. Mauta anatsala opirikitsira anyani m'chimanga basi. Koma tikakolola, mtedza utalowa m'nkhokwe, thonje litapita, amuna sankafuna kuti manja aiwale. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ankatengana kupita ku chulu chachikulu cha kumadzulo kwa mudzi. Patsogolo pa chulucho ankaimika thunthu la nthochi, pachifuwa pake n'kubayapo dzaye ndi kamtengo kosongola. Kenaka ankawerenga mapazi makumi atatu n'kulemba mzere pansi. Aliyense mivi itatu. Wolasa thunthu ankamuombera m'manja pang'ono, koma woswa dzaye ndiye ankayamba kumwa thobwa. Ife akazi tinkakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mitsuko yathu, tikusenda mtedza.

Katswiri anali alongo anga. Kalasidwe kawo anakaphunzira kwa mkulu wina amene anali ndi mfuti ya gogodera. Ankaima nji, kukoka nsinga mpaka patsaya, kutsinzina diso lamanzere, n'kumayang'ana ndi lamanja motsata muvi mpaka kunsonga. Ankakhalitsa choncho, mpweya atagwira, mpaka ife owonera tinkatopa m'malo mwawo. Akataya, muvi sunkapita kwina.

Lamlungu lachitatu titakwatirana, bambo wina anati, "Mkamwini uja uta wake ndi wolasira, kapena ndi wopachikapo malaya?"

Amuna anga ananyamuka kupita pamzere. Sanaime n'komwe bwinobwino. Maso onse awiri ali tong'o, anakoka n'kutaya nthawi yomweyo, ngati munthu wokankha ntchentche pamaso. Dzaye phwa! Anabayapo lina. Phwa! Muvi wachitatu unalikhadzula m'mphepete, likugwa.

"Alamu," anatero alongo anga, "mwalasa ndithu, sindikukana. Koma simunaloze. Umenewo ndi mwayi."

Anthu ankadikira kuti mkamwini aweramitse mutu anene kuti zoona.

"Mwayi ukabwera katatu, alamu, kwathu amautcha dzina lina," anayankha amuna anga. "Nanga inu, Mulungu anakupatsani maso awiri, linalo mukumubwezera chifukwa chiyani? Lakulakwirani?"

Alongo anga anaseka mpaka kukhala pansi. Anawagwira dzanja, kuwakhazika pambali pawo pamkeka wa eni mudzi, mkangano n'kuyamba. Unatha zaka makumi atatu mkangano umenewo.

Mawu awo ndinawaloweza ngati pemphero, poti ndinawamva kumunda, kudimba, kumaliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Alongo anga ankati maso awiri ali ngati akazi a pamitala, aliyense amakokera kwake, choncho pofuna choona umatonthoza mmodzi. Ankati, "Mmisiri akafuna kuona ngati thabwa lawongoka amatani? Amatong'ola maso? Funsani akazi anu akamalowetsa ulusi m'singano."

Amuna anga ankati, "Thabwa silithamanga, alamu. Singano ilibe miyendo. Nyani sangakudikireni kuti mumalize Atate Athu. Mukamagenda galu wakuba mazira mumatsinzina? Dzanja limadziwa lokha. Inu yang'anani chimene mukufuna, dzanja lipita."

"Dzanja lilibe maso."

"Nanga pakamwa panu limapapeza bwanji?"

Mudzi unagawikana, ena a diso limodzi, ena a maso awiri. Anthu ankachokera midzi ina kudzaonera, osati mivi yokha ayi, kudzamvera awiriwo. Tsiku lina anawakokera akatekisiti kuti agamule. Iwo anati m'buku lawo munalembedwa kuti diso likakuchimwitsa ulikolowole, koma za kutsinzina mulibe. Aliyense wa awiriwo anapita kunyumba akunena kuti akatekisiti amuikira kumbuyo.

Kuti mudziwe kuti mkanganowo unali chiyani kwa amuna anga, ndikuuzeni ichi. Mwana wathu wachitatu anamwalira atangoyamba kuyenda. Titaika maliro, amuna anga anakhala pakhonde masiku awiri osatulutsa mawu, osadya. Abale awo anali atabwerera kale kwawo. Alongo anga ankabwera m'mamawa, kukhala pambali pawo, osanena kanthu, dzuwa likapendeka n'kumapita. Tsiku lachitatu, ine ndili m'nyumba, ndinamva alongo anga akukhosomola.

"Alamu, zija munanena za mphepo, kuti muvi wothamanga mphepo siukankha. Munanama."

Kenaka ndinamva mawu a amuna anga, osasa, ngati ochokera m'dzenje.

"Sindinati siukankha. Ndinati inu mumaupatsa nthawi yoti iukankhe."

Ndinatulutsa phala, onse awiri anadya. Ine ndinali mkazi wawo, koma pamenepo sindikanafika.

Ana athu anakula, ena kukwatiwa, mmodzi kukakhala ku Kapata m'tauni ya Chipata. Ndiye chaka china ndinayamba kuona tizinthu. Amuna anga ankathira madzi pambali pa kapu. Ankagunda mphuthu ya chitseko ndi phewa lamanja. Munthu akawapatsa moni ataima cha kudzanja lamanja ankadzidzimuka. Ndinkati ndi ukalamba, kapena maganizo.

Tsiku lina masana tili kudimba tikuthirira repu, anaika keni pansi nati, "Amayi, taimani apo." Ndinaima. Anaphimba diso lamanzere ndi chikhatho, n'kundiyang'ana ndi lamanja nthawi yaitali.

"Ndikuona utsi," anatero. "Pakati pa utsiwo pali kanthu kakuda. Ndikuganiza kuti ndinu."

Ndinawayandikira n'kulisuzumira disolo. Linali labwinobwino, loyera, lopanda ng'ala, lopanda chitsotso. Munthu wakunja sakanadziwa kanthu.

"Layamba liti?"

"Dzinja latha lija."

"Tiyeni kuchipatala. Mwana wathu ku Kapata atiperekeza."

"Tidzapita. Koma imvani. Alamu asamve. Aliyense asamve, koma makamaka alamu."

"Chifukwa chiyani? Si mnzanu?"

"N'chifukwa chake."

Sindinamvetse, koma ndinavomera. Anandiuza kuti ndilumbire, ndinalumbira.

Kukolola kunali pafupi, ndiye kuti za kuchulu zinali pafupinso. Anayamba kutenga uta popita kudimba, ataukulunga m'thumba pamodzi ndi mivi, ngati munthu wakuba. Kumeneko kunali nthochi zathu, ndipo kunalibe njira yodutsa anthu. Ine ndinasanduka wotola mivi. Tsiku loyamba analasa monga mwa masiku onse, maso ali tong'o. Muvi wina unagwa patsogolo, wina unapitirira mpaka m'mabango. Dzanja lija linkadziwa lokha linali litasokera, poti diso lodwalalo linkalinamiza kutalika kwa malo. Analasa mivi khumi, thunthu osalikhudza.

Anakhala pamzere wa mbatata, uta uli pamiyendo. Ine ndinkangotola mivi mwakachetechete n'kumapukuta matope kunthenga.

Tsiku lachiwiri anaimirira nati, "Yang'anani kumbali."

"Ndiyang'ane kumbali bwanji, nanga muvi ndiuona bwanji kumene wagwa?"

"Chabwino, yang'anani. Koma musaseke."

Anakoka nsinga mpaka patsaya, n'kutsinzina diso lodwalalo, lamanja. Nkhope yawo inakwinyika ngati ya mwana wolawa bwemba. Sindinaseke. Ndinali ndisanawaonepo amuna anga akuchita manyazi pamaso panga ngati tsiku limenelo.

Koma nazonso sizinali zapafupi. Munthu wokoka ndi dzanja lamanja, muvi umagona pansi pa diso lamanja. Iwo ankayang'ana ndi lamanzere, ndiye mivi yonse inkathawira kumanzere, mkono wathunthu. Ndinkazika kamtengo pamene muvi wagwa, iwo n'kumayeza. Anaphunzira kuloza nsonga pamalo opanda kanthu, cha kumanja kwa thunthu, kuti muvi ukapeze dzaye. Masabata atatu tinachita zimenezo. Repu wathu anafota chaka chimenecho.

Nditaona kuti ayamba kulasa ndinati, "Bwanji osangokhala kunyumba Lamlungu? Tinena kuti msana."

"Ndikapanda kupita adzanditsatira ndi uta mpaka pamphasa. Simuwadziwa alongo anu?"

"Ndiye mukatsinzina pamaso pawo?"

"Ayi," anatero. "Mwina dzanja likakumbuka."

Lamlungu limenelo kunabwera anthu ambiri, poti linali loyamba chaka chimenecho. Kunabweranso amuna asanu a kufupi ndi Mtenguleni, amene anamva mbiri ya mkamwini wosaloza. Alongo anga analasa poyamba, mivi iwiri pathunthu, wachitatu n'kungokhudza dzaye m'mbali. Anatembenuka akumwetulira.

"Alamu, bwerani muwaonetse alendo mwayi wanu uja."

Amuna anga anaima pamzere. Maso tong'o, kukoka, kutaya. Muvi unakabaya pachulu, kutali ndi thunthu. Anthu anati aa. Wachiwiri unagwa pansi usanafike n'komwe, fumbi n'kuti buu.

"Dzanja lagona kuti lero, alamu?" anakuwa alongo anga. "Litumizireni uthenga libwere!"

Alendo aja anayamba kunong'onezana. Mmodzi anafunsa mokweza ngati mkamwini wotchuka uja ndi yemweyu kapena akubwera m'mbuyo. Ine mtedza unali utandithera m'manja, ndikungosenda makoko.

Amuna anga anatenga muvi wachitatu. Anaima nthawi yaitali. Ndinaona phewa lawo likukwera ndi kutsika. Kenaka anakoka mpaka patsaya, nkhope n'kukwinyika. Dzaye phwa, pakati penipeni.

Phokoso limene linabuka pamenepo sindinalimvepo ngakhale paukwati. Alongo anga anaponya chipewa m'mwamba.

"Watsinzina! Mwaona nonse? Mayi inu, imbani nthungululu, mkamwini walapa! Zaka makumi atatu, lero wabatizidwa!"

Anavina mozungulira amuna anga, diso limodzi atatseka, a diso limodzi onse akuwatsatira pambuyo. A maso awiri anagwira pakamwa. Palibe amene anayang'anitsitsa kuti diso latsekedwalo ndi liti. Alongo anga anaima patsogolo pawo akupuma mwawefuwefu, akudikira yankho, poti nthawi zonse yankho linkabwera, lobaya kuposa lawo. Amuna anga anangoonetsa mano pang'ono. Anamwa thobwa monga mwa lamulo, kupukuta pakamwa, kunyamula uta, ulendo kunyumba.

Kuchokera tsiku limenelo sanapitenso kuchulu. Alongo anga ankabwera pakhomo tsiku ndi tsiku ndi mawu atsopano amene anawakonza panjira. "Odi kwa ophunzira anga! Kodi sukulu fizi mulipira nkhuku kapena mbuzi?" Amuna anga ankayankha moni, kenaka n'kupeza chochita kudimba. Akanayankha chiyani? Bodza sankalidziwa. Kuti anene kuti maso awiri ndiwo abwino, anayenera kunenanso chifukwa chimene anatsekera limodzi. Ndiye anasankha kukhala chete.

Mwezi unatha, wachiwiri unatha. Nthabwala za alongo anga zinayamba kuwawa. Anasiya kulowa pabwalo pathu, ankangodutsa. Mlamu wanga wamkazi anandiuza kuchitsime kuti kunyumba kwawo alongo anga akuti akamwini akakalamba amaiwala amene anawapatsa pokhala. Mawu amenewo m'mudzi mwathu ndi oyamba, otsatira ake ndi oti munthu amange katundu. Ndinkaona amuna anga akudya okha pakhonde, monga zaka zoyamba zija asanakhale ndi mnzawo. Ndinkaona alongo anga akuyenda ngati munthu wotaya mbuzi. Pakati pa awiriwo panali ine, ndi mawu anayi okha m'kamwa mwanga amene ndinkaganiza kuti atha kukonza zonse.

Ndinawapeza alongo anga m'munda mwawo akuzula mapesi a thonje. Ndinagwada patali pang'ono.

"Mwabwera kudzawapepesera amuna anu onyadawo?" anatero osatembenuka. "Ine ndalakwa chiyani? Munthu akagonja ndi mlandu? Ine wandigonjetsa kangati, ndinasiya kumupatsa moni?"

"Alongo, diso lawo linafa."

Anasiya phesi lili m'manja.

"Linafa dzinja lija. Akatsegula onse awiri saona bwino. Sanatsinzine chifukwa cha inu ayi."

Anakhala pansi pamzere pomwepo. Anavula chipewa, kuchiyang'ana mkati, kuchivalanso.

"Ndiye ine ndinavina," anatero. "Pamaso pa alendo. Ndinavinira munthu wodwala."

"Simunadziwe. Koma chonde musawauze kuti ndanena. Ndinalumbira."

"Pita, mlongo wanga. Ndamva."

Ndinabwerera kunyumba mtima utapepuka. Ndinkati ndachita bwino.

M'mawa mwake alongo anga anafika ndi botolo la uchi. Anaodira mwaulemu, zimene sankachita. Anakhala pampando, kufunsa za kudimba, kufunsa za ana. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikupeta, makutu ali komweko.

"Alamu," anatero, "ndakhala ndikuganiza. Zija za maso awiri, inu ndinu olondola. Nyani sadikira. Ine ndinkangolimbikira mtunda wopanda madzi zaka zonsezi."

Nkhuku inkatola pansi pa lichero langa.

"Zikomo, alamu," anatero amuna anga.

Anacheza pang'ono za mvula, alongo anga n'kutsanzika. Amuna anga sanandiitane. Ndinapita ndekha, ndikunamizira kudzatenga uchi.

"Mwawauza," anatero.

Sindinakane.

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoyang'ana kumene alongo anga analowera, nati, "Pamudzi pano panali munthu mmodzi amene sankandimvera chisoni. Mwandiphera mnzanga, amayi."

Ndinati ndinkaopa kuti adana. Anati kudana kukanatha, akanatukwanana tsiku lina n'kuyambiranso. Koma ichi sichidzatha.

Chaka chomwecho mwana wathu wa ku Kapata anatitengera kuchipatala. Adokotala anawaunika nati si ng'ala yochotsa ija, ndi matenda a mkati mwa diso, ndipo lamanjalo silingabwerere. Anatipatsa mankhwala odontheza kuti titeteze linalo. Ndinkawadontheza m'mawa ndi madzulo osaphonya. Linagwira zaka ziwiri, kenaka nalonso utsi unalowa.

Alongo anga anawasamala amuna anga kuposa mmene mbale angachitire, zimenezo ndichitire umboni. Denga lathu ankafolera ndi iwo. Lamlungu ankabwera kudzawatenga, iwo kutsogolo, amuna anga pambuyo, ndodo imodzi atagwirizana, mpaka pabenchi la m'tchalitchi. Akapha nkhuku, chiwindi chinkabwera kwathu. Koma pakamwa pawo panangotsala mawu amodzi.

Amuna anga ankayesa. Ndinkawamva akutchera msampha. "Alamu, mvula ya chaka chino ibwera mochedwa."

"Zoona, alamu."

Mawa lake, "Alamu, ndikuona ngati mvula ifulumira."

"Zoonadi, alamu, ifulumira."

Tsiku lina anafika ponena kuti mkulu wa gogodera uja, mphunzitsi wa alongo anga, sanaphepo ngakhale njiwa, nyama ankagula kwa anzake. Kale mawu amenewo akanayatsa moto wa sabata yathunthu. Ndinaona mawu atafika pamlomo pa alongo anga. Anayang'ana maso a amuna anga, n'kumeza.

"Mwina n'zoona, alamu. Ndinali mwana, sindikanadziwa."

Amuna anga anapempha kuti ndiwalowetse m'nyumba, ati mphepo.

Kuchulu nako kunazilala. Anthu amati anyamata anatengeka ndi mpira ndi mafoni, ena anapita kutauni. N'zoona. Koma ine ndinaona kuti Lamlungu loyamba lopanda mkangano anthu anabalalika dzuwa likadali pamutu, thobwa n'kutsala m'mitsuko. Chaka chotsatira palibe amene anadula thunthu la nthochi.

Amuna anga anadwala chifuwa mvula itangoyamba, chaka chachisanu chichokereni tsiku la dzaye lija. Kuchipatala anatibweza ndi mankhwala, ndipo tonse tinadziwa. M'mawa wina alongo anga akubwera kudzazonda, ndinawatsekereza panjira, pafupi ndi khola.

"Alongo, ndikupempheni chinthu chimodzi. Kakanganeni nawo."

"Iwe, wapenga? Munthu ali gone?"

"Uchi wanu sakuufuna. Akufuna muwatsutse. Ndi ine ndinalakwa, koma inu ndi amene mungakonze."

"Ndingatsutsane bwanji ndi munthu wosaona za kuona? Pakamwa panga pakana, mlongo wanga. Ndikati ndiyambe, ndimadziona ndikuvina."

"Yesani. Kamodzi kokha."

Analowa. Ine ndinaima pakhomo. Anakhala pansi pafupi ndi mphasa, kukhosomola, kukhosomolanso.

"Alamu," anatero, "zija ndinanena kuti ndinu olondola. Ndabweza. Diso limodzi ndiye... ndiye labwino."

Amuna anga anatembenuzira mutu kumene kunkachokera mawuwo. Anamvetsera ngati munthu womvera ng'oma yakutali, kuti adziwe ngati ndi yamaliro kapena yachisangalalo.

"Wakutumani ndani, alamu?"

Alongo anga anaphimba nkhope ndi chipewa. Amuna anga anatambasula dzanja, kufufuza, mpaka anapeza bondo lawo, n'kulisisita ngati akutonthoza mwana.

"Musavutike," anatero. "Mwayesa."

Anamwalira patapita masiku anayi, chimanga chikufika m'mawondo.

Tsiku lometa litapita, abale awo atabwerera kuseri kwa mapiri, ndinatsala ndekha pakhonde. Alongo anga anabwera masana n'kukhala pampando womwe ankakhalapo. Kenaka anafunsa, maso ali pansi.

"Kodi linayamba ndi liti?"

"Chiyani?"

"Diso. Unangoti diso linafa. Sindinafunse kuti liti."

"Lamanja."

Anadzutsa mutu. "Lamanja? Ndiye tsiku lija anatseka lamanja?"

"Ee."

"N'kuyang'ana ndi lamanzere, akukoka ndi dzanja lamanja?" Anaimirira. Anatambasula dzanja lamanzere ngati agwira uta, lamanja n'kulikokera patsaya, kutseka diso ili, kutsegula, kutseka linalo. "Sizingatheke. Muvi ukanathawira kumanzere. Mkono wathunthu!"

"Unkathawiradi. Anaphunzira kudimba kuloza pambali, popanda kanthu. Ine ndinkatola mivi."

"Popanda kanthu? Ndiye kuti nsonga sinali padzaye?"

"Sinali."

"Ndiye sanaloze!" Mawu awo anakwera, aja akale, amene ndinali ndisanawamve zaka zisanu. "Kumeneko si kuloza! Kuloza ndi kuika nsonga pa chinthu. Iye anangotseka diso kutinamiza, koma analasa ndi dzanja lake lomwe lija. Sanalape munthu ameneyu! Ndipo ndikanadziwa ndikanamuuza pomwepo kuti ndi mwayi, poti munthu sungaloze kumene kulibe kanthu n'kumati ndi nzeru. Akanati chiyani? Ndikudziwa, akanati mbalame youluka umailasa kumene isanafike. Koma dzaye siliuluka, alamu! Dzaye lili pamtengo! Inu mukanati..."

Anali atatembenukira kukhomo la nyumba, chala chili m'mwamba. Anakhala choncho, akudikira. M'nyumbamo munali mphasa yopinda ndi ndodo.

Chala chija chinatsika pang'onopang'ono. Anakhalanso pampando, nati ndiwapatseko madzi akumwa.